Anapiye Atatu Amene Anandiitanira Maliro

Kwathu ku Manjawira kuli amayi ena amene mpaka lero akamandipatsa moni amabisa manja m'chitenje. Sindiwaimba mlandu, ndinaziputa dala.

Ndinagula anapiye makumi asanu, n'kuyamba kuyenda ngati mwini nkhuku zonse za m'Ntcheu. Mayi a kunyumba ankandikumbutsa kuti utuchi wa m'khola wanyowa, ndisinthe. Ine, katswiri wa milungu itatu, ndinayankha kuti nkhuku si alendo oti tiziwayalira mphasa yatsopano. Posakhalitsa anapiye anazyolika, mapiko pansi, zitosi zamagazi. Ndinawamwetsa tsabola wosinja (nzeru za mlamu wanga, amene sanawetepo ngakhale nkhunda). Kutacha, atatu anali gwaa.

Alangizi a ziweto anati ndipite ndi zitosizo ku Boma akazione. Ndinazikokolera m'kachitini ka majarini n'kukwera minibasi yodzaza mpaka kukhomo. Tili m'njira, alangiziwo anaimba. Netiweki inkavuta, ndiye ndinkakuwa.

"Eee bwana, kutsegula m'mimba! Kwamagazi! Atatu afa m'mawa uno, ndawakwirira ndekha kuseri kwa nyumba. Enawo ali thapsa. Zija munanenazi ndatenga, zamadzimadzi, zili pamiyendo pangapa!"

Mayi amene tinapanikizana naye anapezeka ali pamiyendo pa bambo wosamudziwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakhala mpando wonse ndekha.

"Achimwene, tsikani," anatero kondakitala.

"Ndikunena nkhuku, inu!"

"Nkhuku mumakwirira? Kwanu mulibe mchere? Tsikani!"

Ananditula pa Nsipe. Ku Boma ndinakafika pa kabaza, kachitini kali m'kati mwa jekete. Alangizi anangokatsegula n'kukatseka. Akuti ndi tizilombo ta m'matumbo, timaswana mu utuchi wonyowa. Anandilembera mankhwala a ufa osungunula m'madzi akumwa, n'kufunsa mwaulemu kwambiri ngati pakhomo panalibe munthu wanzeru wondichenjeza. Ndinati panalibe.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, ndinapeza amayi a kutchalitchi ali pakhonde, nyimbo ili pakamwa. Kani m'minibasi muja munali wina wondidziwa, ndipo foni yake inalibe vuto la netiweki. Azaumoyo anali akuthira kale klorini m'chitsime chathu. Apongozi anga ankagubuduzika pabwalo. Mayi a kunyumba anaima pakhomo, manja m'chiuno, osatsutsa aliyense.

"Manda ali kuseri kwa khola," ankatero. "Anamfedwa ake ndi awa akubwerawa."

Nditafotokoza, apongozi anadzuka, anasasa fumbi, nati: "Misozi yanga siipita pachabe, mkamwini. Nkhukuzi zikakula, ziwiri ndi zanga."

Otsalawo anachira, ndipo ziwiri zinapitadi. Utuchi ndimasintha Loweruka lililonse tsopano, ndipo aliyense wofunsa ndimamuuza kuti ndi nzeru zanga.