Diresi loluma la Takondwa

Lolemba

Diresi lafika. Mlamu wanga Linesi, mng'ono wa malemu mkazi wanga, akukwatiwa Loweruka, ndipo mwana wanga Takondwa ali pamzere wa atsikana ovina. Masitepe akuyeserera paliponse: kumjigo, kubafa, ngakhale pakudya.

Wavala. Asanafike pakhomo wavula kale. Akuti mkatimo muli linthumbu. Ndatembenuza, ndayang'ana padzuwa. Mulibe kanthu, neti ndi mikanda basi.

Adokotala adatiuza kale kuti ali ndi vuto lotchedwa ADHD, ndipo ena otere khungu, makutu ndi mphuno zimamva mopitirira. Amene ankatsata zonsezi ndi amake. Ine ndinkangogwedeza mutu.

Pulani: azivala pang'onopang'ono tsiku lililonse mpaka azolowere.

Lachiwiri

Ku loji ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita, ndipo nsalu sinandigonjetsepo. Diresi ndapita nalo kuntchito, ndathira sitachi, ndasita mpaka laima lokha patebulo. Anzanga ayamikira.

Takondwa walikhudza ndi chala chimodzi. "Ababa, linthumbu lija tsopano lavala nsapato."

Lachitatu

Ndachapanso kuchotsa sitachi, ndi sopo wonunkhira wa alendo. Takondwa akadali kumpanda akuti mutu wayamba kuwawa. Kenako, mphuno atatsina, akunditchulira zomwe zili m'diresimo:
sopo wa ku loji,
thukuta la wakabaza amene wandinyamula,
usipa wa pathandala pomwe tadutsa,
nthochi yomwe inali m'chikwama changa dzulo.

Zonse zoona! Ndakhala pansi. Ndanunkhiza diresi mpaka chizungulire. Ine ndikungomva sopo.

Lachinayi

Kuyeserera ku holo. Nyimbo isanayambe wagwira kale makutu, akuti sipika yakumanzere ikulira ngati udzudzu. Aliyense akuti palibe. Ndagunditsa khutu pasipikapo, ndipo kaphokoso kalipodi, kutali ngati injini ya boti la ku Mbenji. Iye amakamva ali kukhomo.

Komatu mwana yemweyu amagwa pamiyala, bondo kutuluka magazi, osadziwa mpaka wina amuuze. Mulungu adamulumikiza mwa njira yakeyake.

Ndamuika thonje m'makutu. Akuti thonje nalo likusokosa.

Linesi: "Alamu, mukumulekerera mwanayu. Achemwali sakanalola."

Lachisanu

Ndamanga kachidutswa ka neti pamkono kuti ndimve zomwe amamva. Pofika masana ndaiwala kuti kalipo. Abwana afunsa ngati ndavulala.

Ndamufunsa Takondwa kuti amake ankatani ndi zovala zatsopano. Akuti ankadula kansalu kapakhosi kaja, n'kumazichapa kunyanja mobwerezabwereza, kuzimenya pamwala mpaka zitatopa, ndiye n'kumupatsa. Ine ndinkaona mwana akuyenda ndi zovala zofwifwa, n'kumati mkazi wanga sadziwa kuchapa. Iye ankangoseka.

Ndapita kunyanja, ndamenya diresi pamwala ndi mphamvu zanga zonse. Mikanda yathera m'madzi. Neti ili gwa, ngati yatsopano.

Loweruka

Wavala yekha, milomo ataluma. Kutchalitchi wapirira mpaka pemphero lomaliza, manja atapinda zolimba, thukuta lili kamukamu. Sindinaonepo munthu akulimbana chonchi ali chikhalire.

Ku holo masipika alira, mzere ukulowa, pamalo pake palibe munthu.

Ndamupeza kuseri kwa mpanda, pamchenga. Diresi lili panthambi, iye ali m'malaya akale otembenuza. Akuvina. Ndasuzumira pampanda: anzake akatembenuka mkatimo, iyenso watembenuka, nthawi yomweyo, osawaona. Sakuphonya ngakhale sitepe imodzi. Akuti kuno nyimbo ikufika itazizira.

M'kati akuitana pa maikolofoni kuti alamu a mkwatibwi abwere kutsogolo adzafupe. Aitananso. Sindinasunthe. Ndaonera mpaka nyimbo yatha.

Lamulungu

Linesi sakuyankha foni.

Zithunzi taziona pa foni ya aneba. Takondwa palibe pena paliponse. Wazidutsa zonse mpaka kumapeto, walira pang'ono, wapita kukatunga madzi.

Diresi ndapatsa mwana wa anebawo. Wavala pomwepo, wadya nalo, ndipo akuti agona nalo. Khungu lina ndi lamwayi.

Pulani ina ndilibe. Pobwera kumjigo wandiuza kuti akufunabe kudzavina pamzere, bola ukwatiwo ukhale wa anthu opanda masipika. Ndamuuza kuti ndifufuza.