Koleta wa mu Mtima mwa a Kamanga

Iyi ndi nkhani yamanyazi, koma ndimaikamba ndikudziguguda pachifuwa.

Khoma la nyumba yathu yalendi pa Boma ndi lopyapyala, wina akayetsemula uko ife timayankha kuno. Kuseri kwake kumakhala amama Nyajere, mwana wa kwathu ku Manyamula, dokotala wofufuza magazi. Moyo wawo wonse athera mu labu, kufufuza momwe anthu angapewere matenda a mtima. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye akamadutsa ndimauza anzanga kuti amenewo ndi athu.

Loweruka lina m'mawa ndikusambitsa mwana, ndinamva akukalipira amuna awo, a Kamanga.

"Koleta ameneyu adzakuphani! Wadzaza kale mu mtima mwanu, koma tsiku ndi tsiku muli pa chiwaya!"

A Kamanga anati n'zazing'ono, paja amama omwewo ananena kuti alipo wabwino ndi woipa.

"Wanuyo ndi woipayo!"

Kani alipo awiri? Sopo anandipulumuka. Koleta ndimamudziwa, mtsikana wokazinga tchipisi ndi nyama ya nkhumba kumsika. Dokotala wathu alandidwe banja ndi watchipisi? Mwana kumsana, ulendo.

Nditafika kumsika ndinamuuza Koleta pamaso pa makasitomala kuti akadzawapatsanso a Kamanga ngakhale kachidutswa, adzandidziwa bwino. Mtsikanayo analumbira kuti amangowagulitsa basi. Nditamufunsa kuti nanga mnzake wabwinoyo amamubisa kuti, anati mnzake wotero sakumudziwa.

Masana a Kamanga anabwera atakwiya. Koleta wawakaniza, ndipo anyamata a ziwaya zina nawonso akuwathawa. Ndinatuluka n'kunena ndekha kuti ntchito imeneyo ndagwira ndine, asavutike kufufuza.

Nditafotokoza zomwe ndinamva m'mawa muja za Koleta, amama Nyajere anaseka mpaka kukhala pansi. Anati si Koleta ayi, ndi cholesterol, mafuta a m'magazi omwe akachuluka amatseka njira zopita kumtima. Magazi a amuna awo anali atawayeza okha, ndipo zotsatira zake zinkawasowetsa mtendere, koma bamboyo samamva.

"Iwe Nyamoyo, mwana wakwathu, ine zaka zonsezi ndikufufuza momwe tingamuchotsere cholesterol ameneyu, iwe wamuthamangitsa m'mawa umodzi. Yewo chomene, zikomo kwambiri!"

Kwa Koleta ndinakapepesa, koma ndinamupempha kuti lamulo lija lisasinthe. Pobwerako ndinawapeza awiriwo atakhala pakhonde, akudya nyemba zopanda mafuta, a Kamanga akutafuna uku akundiyang'ana cham'mbali.

Chizungu ukachimva molakwa, bola mkwiyo wako ukathere pa chiwaya choyenera.