Zipolopolo Zopanda Khalidwe za Oom Gawie

Munthu yekhayo amene ndinamuonapo akuphunzitsa zipolopolo khalidwe anali Oom Gawie Vermaak. Musaseke, ndinkaona ndi maso angawa kuno ku Soutkuil, kumene bambo wachikulire timamutcha Oom, mayi wachikulire Tannie. Mkuluyu moyo wake wonse ankawombera zipolopolo zotchipa, zija zimabwera zothira mu ndowa ngati misomali. Koma m'thumba la malaya ankayenda ndi kabokosi kakuda ka zipolopolo zodula, zochokera kunja, kamene anagula asanakwatire n'komwe. Sanawomberepo ngakhale chimodzi. Ntchito ya kabokosiko inali imodzi basi: Lachisanu lililonse masana ankakagoneka mu ndowa muja n'kuvindikira, kuti pofika Loweruka, tsiku la kalabu yathu ya mfuti, zotchipazo zikhale zitatolako kanthu.

"Awa ndi aphunzitsi," ankatero akusisita kabokosiko. "Zinazi nzeru zili nazo ndithu, kungoti zinakulira kutchire."

Ine ndine Dirkie, ndimagulitsa m'sitolo ya alimi, ndipo zipolopolo za mfuti za .22 zamitundu yonse iwiri zimadutsa m'manja mwangamu. Ndiye pa nkhani iyi musandiphunzitse. Zodula zija sizidulira chabe. Ukawombera khumi pa mamita makumi asanu mphepo itagona, zonse zimalowa pabowo limodzi loti ungaphimbe ndi batani la malaya. Za mu ndowa, zisanu ndi zinayi zimapita bwinobwino, koma chakhumi chimapatuka kukapereka moni kwa aneba. Chimenecho Oom Gawie ankachitcha wothawa sukulu.

Ndinayesetsa kuwatembenuza, Mulungu ndi mboni.

"Oom, bwanji osagula bokosi limodzi labwino, mungoyesa?"

"Labwino ndili nalo kale," amvekere, akumenya pathumba.

"Limenelo n'lakale kuposa ine!"

"Ndiye ulipatse ulemu. Tandipatsa ndowa, iwe. Osati iyo, yapansiyo. Yapamwambayo yawombedwa ndi dzuwa, izikhala ndi ukali."

Ndowa ikafika kufamu, akazi awo, Tannie Ralie, ankadziwiratu kuti tebulo la kukhitchini lapita. Oom ankakhuthulira zonse pamenepo n'kuyamba mayeso. Chipolopolo chilichonse ankachigubuduza pa thireyi yagalasi ya Tannie, ija ya alendo. Choyenda mowongoka chakhoza. Chotsimphina chikaphe makoswe ku shedi ya ubweya. China ankachigwedeza pafupi ndi khutu, china kuchinunkhiza, china kungochiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti nkhope yake sinawasangalatse. Tsiku lina abusa atabwera kudzacheza anamwa khofi ataimirira, chifukwa mipando yonse inali ndi makalasi a zipolopolo.

Ku kalabu chipolopolo chikakana kulira, mfuti n'kungoti khethe, iwo sankachitaya ayi. Ankadikira kaye, n'kuchitulutsa, n'kuchitembenuza kuti chimenyedwe mbali ina.

"Chinagona," ankatero. "Ndani wa inu sanagonepo m'tchalitchi?"

Chokwiyitsa n'chakuti kachiwiriko chinkaliradi.

Mdani wawo pa nkhaniyi anali mlamu wawo, Oom Stoffel Badenhorst, achimwene a Tannie Ralie. Awo ndiye zotchipa sankazikhudza ngakhale ndi ndodo. Ankaitanitsa zodula zokhazokha, ndipo ankati mfuti yawo imakonda za nambala imodzi yokha ya kufakitale, moti nambalayo ikatha ankakhala ngati kwagwa maliro. Ankazisunga kuchipinda chogona, zitafunditsidwa bulangete, kuti phula limene amazipaka lisaume ndi chisanu. Amuna awiriwa ankakhala mabenchi oyandikana Loweruka lililonse kuyambira ali anyamata, ndipo sindinamvepo akupatsana moni wa anthu.

"Alamu, mwabweranso ndi misomali yanu?"

"Ndabwera nayo. Nanga inu mwagulitsa nkhosa zingati sabata ino kuti muboole pepala?"

"Langa limabowoka pakati."

"Dikirani mphepo idzuke, alamu. Muiwonetse bokosi lanulo, tione ngati imawerenga."

Apo ndiye panali nkhani. Tsiku lopanda mphepo Oom Stoffel ankapambana, sindingabise. Koma kwathu kuno masiku opanda mphepo ndi angati? Mphepo ikayamba, Oom Gawie ankayatsa kaliwo wawo n'kumuika pambali pa benchi. Ankayang'ana utsi, kuyang'ana udzu, kuyang'ana fumbi la nkhosa kutali uko, chala chili phee, mpaka ife kutopa n'kuyamba kutsokomola. Kenako thwaa! Pakati penipeni. Ndaona owombera ambiri, ena obwera ndi mfuti za mtengo wa galimoto, koma woidziwa mphepo ngati mkulu uja sindinamuone ndipo sindidzamuonanso.

China chimene ndinkawakondera n'chakuti ndowa ija inalibe loko. Ometa nkhosa akafika nyengo yometa, namwino watsopano wa kuchipatala, aliyense wongoima kumpanda n'kumasuzumira, Oom ankamukodola.

"Tabwera. Tapa mmenemo, usawerenge. Ukaphonya tinamizira ndowa."

Theka la kalabu yathu linaphunzirira pa ndowa imeneyo. Pa bokosi la Oom Stoffel sipanaphunzirepo munthu, chifukwa ukangoyandikira ankaliphimba ndi chipewa.

Koma chimene Oom Gawie ankachikonda kuposa zonse chinali malo awo mu timu. Chaka chilichonse anthu asanu a kalabu yathu amapita ku Doringpoort kukalimbirana chikho, ndipo iwo sanaphonyepo ulendowo chiyambire. Ndiye kunafika chaka chimene maso awo anayamba kuchita ng'ala, mtima nawo ukuvuta. Adokotala anawauza poyera, iwonso anatiuza poyera, kuti ulendo wa chaka chimenecho ukhala wotsiriza. Vuto linali lakuti mu timu munthu salowa chifukwa chomumvera chisoni. Amalowa ndi mabowo a papepala. Malo anayi anali atatengedwa kale ndi achinyamata a maso akuthwa. Panatsala amodzi, olimbirana awiri: Oom Gawie ndi Oom Stoffel.

Tonse tinkadziwa mmene zithere. Ndi maso amenewo, kuwonjezapo wothawa sukulu mmodzi, basi kwatha.

Kutatsala masiku ochepa kuti awiriwa apikisane, Oom Stoffel analowa m'sitolo nkhope itachita tsinya, n'kugula katoni yathunthu ya zodula, za nambala yawo yokondedwa ija.

"Zonsezi, Oom?"

"Ndikukazithira pamwamba mu ndowa ya chitsiru chija. Ralie wavomera, anditsekulira chikapita kukaona madzi a nkhosa."

Ine kukamwa yasa. "Koma Oom, amene akupikisana nawo ndinuyo!"

"N'chifukwa chake! Ndikufuna ndimugonjetse bwinobwino, asadzanamizire ndowa mpaka kumanda. Ndipo ukauza munthu, Dirkie, ndidzakukhomera kuchandamale."

Sindinauze munthu. Ndinangouza akazi anga.

Loweruka limenelo kalabu inadzaza ngati kuli ukwati. Kunabwera ngakhale anthu oti mfuti amaiopa. Soseji ili pamoto, koma palibe amene ankaiyang'ana. Mphepo inali itadzuka kale, ikukankha kuchokera kumadzulo. Oom Gawie anakhala pabenchi, kuyatsa kaliwo, kuvundukula ndowa, kuchotsa aphunzitsi aja n'kuwabwezera m'thumba. Kenako anapisa dzanja.

Dzanjalo linaima.

Abale, zotchipa n'zouma ngati timiyala. Zodula n'zonona, zimakusiyira phula m'zala. Ndi mdima womwe ungazisiyanitse, nanji Oom Gawie, munthu wozinunkhiza. Anatulutsa chimodzi n'kuchipekesa pakati pa zala. Anayang'ana Tannie Ralie, amene mwadzidzidzi anatanganidwa ndi kutseka fulasiki yotseka kale. Anayang'ana Oom Stoffel, amene ankapukuta galasi la mfuti loyera kale. Ine ndinkaudziwa ukali wa mkuluyo. Ndinati basi, akhuthulira ndowa pansi, akwera galimoto, ndipo alamu awiriwa sadzalankhulananso.

"Dirkie, tabwera kuno," anatero Oom Gawie.

Ndinapita.

"Gwira ichi. Ukumva chiyani?"

"Phula, Oom."

"Phula!" anakuwa, akuchikweza m'mwamba kuti onse aone. "Zaka zonsezi mwakhala mukundiseka! Taonani lero! Zaphunzira mpaka zayamba kudzola!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mpanda. Tannie Ralie anaseka akupukuta m'maso ndi nsalu ya mbale. Oom Stoffel okha ndi amene anafiira ngati soseji ija.

Oom Gawie anayamba ndi zoyesera. Zotchipa zimati thwaa, kumveka mpaka kumsewu. Ichi chinangoti phu.

"Mwamva?" anatero Oom Gawie. "Zasiya ndi kukuwa komwe."

Chinagwera m'munsi pang'ono, monga zimachitira zodula poti zimayenda mofatsa. Iwo sanadabwe, sanafunse. Anangopotokola kachitsulo ka pagalasi pang'ono, n'kuwomberanso, n'kugwedeza mutu. Kenako mpikisano unayamba, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire amuna awiriwa ankawombera zipolopolo zofanana. Oom Stoffel sanachite chibwana, ndikulumbira, anawombera ngati munthu wofuna kupambana. Koma mphepo inkasinthasintha, ndipo Oom Gawie, maso a ng'ala omwewo, ankangodikira utsi wa kaliwo.

Mapepala ndinakatenga ndine. Ndinawerenga, ndinabwerezanso, ndinaitana abusa kuti awerengenso. Oom Gawie anapambana ndi pointi imodzi.

Mukuganiza kuti anathokoza? Aa! Miyezi yotsatira Soutkuil yense sanapume. Kusitolo, kutchalitchi, kumsika wa nkhosa, nkhani inali imodzi.

"Ndowa yagonjetsa bokosi! Alamu, tafotokozerani anthuwa, inu munalipo."

Oom Stoffel akanati chiyani? Kuti aulule, ndiye kuti avomere pamaso pa anthu kuti amamukonda mlamu wawoyo. Ankangotafuna mano n'kunena kuti, "Mwayi, alamu. Mwayi basi."

Ku Doringpoort chikho sitinatenge, koma Oom Gawie anawombera bwino kuposa achinyamata athu onse. Pa chithunzi cha timu chimene chili kukhoma la kalabu aima pakati, mfuti kudzanja ili, ndowa kudzanja linalo. Oom Stoffel ndi amene anawayendetsa pa galimoto ulendo wonsewo, akuti ankakangana njira yonse.

Oom Gawie anatisiya m'nyengo yachisanu, nkhosa zikuswa. Tannie Ralie anawaika m'manda ndi kabokosi kakuda kaja m'thumba la malaya, akuti sudziwa, mwina kumeneko akapezako zina zofuna kuphunzitsidwa. Tinaseka pamaliro, abusa omwe, koma kuseka kwake kunali kowawa.

Loweruka lotsatira Tannie anafika ku kalabu atanyamula ndowa ija ndi chitini cha mabisiketi. Ndowa anaiika pakhomo, kuti aliyense azitapamo monga kale. Chitini anapatsa Oom Stoffel. Atachitsekula munali zipolopolo zodula zimene zinatsala, zitasanjidwa bwinobwino.

"Anazitola yekha mu ndowa, chimodzichimodzi, ndi zala, atangobwerako ku Doringpoort," anatero Tannie. "Anati ndidzakupatseni iye atapita, achimwene. Anati ndikuuzeni kuti aphunzitsi anu ndi awa, ntchito anaigwira bwino, zikomo. Koma akuti wopambana ndi ndowa basi."

Oom Stoffel anayang'ana m'chitinimo. "Chitsiru," anatero, n'kutuluka panja kukaima kuseri kwa galimoto. Tinawasiya.

Masiku ano kalabu yathu ndi yaudongo kwambiri. Achinyamata amabwera ndi timakina toyezera mphepo, amawombera mwakachetechete, amapita. Palibe fungo la kaliwo, palibe wokodola anthu kumpanda, ndipo ine ndimatopa msanga. Ndimawasowa, ndinene zoona. Oom Stoffel amabwerabe ndi zodula zawo, koma asanaziyambe amatapako khumi mu ndowa. Zisanu ndi zinayi zimapita bwinobwino. Chakhumi chikapatuka, amatembenukira kubenchi ya kumanzere, ija ya Oom Gawie, n'kunena kuti, "Alamu, zanuzi zilibe khalidwe." Amadikira pang'ono. Mayankho ake tonse timawadziwa, koma palibe amene amayankha.

Lachisanu lapitali masana ndinapita ku kalabu kukasiya mapepala a chandamale. Ndinawapeza Oom Stoffel okha, atawerama pa ndowa ija, akugonekamo bokosi lawo latsopano. Atandiona anadzuka msanga, nkhope ili gwa.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero. "Tenga chivindikirocho, uvindikire."