Nkhondo ya Munthu wa Fosholo

M'chaka chimene denga la positi ofesi yakale linagwa, mbuzi zikulamulirabe msewu waukulu monga zinkachitira m'masiku a makolo athu, m'tawuni mwathu munabuka nkhondo imene ana a ana athu adzaikamba akugwira pakamwa.

Komiti ya tawuni itaganiza zosandutsa positiyo kukhala chipinda cha mbiri ya tawuni, inapeza kuseri kwa kabati chithunzi cha amuna amene anamanga mlatho wathu. Kutsogolo kunaima mwamuna wogwira fosholo, koma chiswe, chimene sichiopa mbiri ya munthu, chinali chitadya nkhope yake yonse n'kusiya chipewa, makutu ndi miyendo.

Woyamba kufika anali Wometa, Mkango wa Lumo, Wogwetsa Ndevu za Akuluakulu, iye amene mabwana amamuweramira mitu. Anaima pamaso pa chithunzicho n'kutambasula dzanja.

"Anthu inu, yang'anani makutuwa. Ndameta mitu zaka makumi atatu, khutu ndimalidziwa. Makutu otambalala chonchi ndi a kwathu. Awa ndi bambo anga."

Pamenepo anatulukira Telala, Mwini Singano, Wogonjetsa Zigamba, tepi ili m'khosi ngati mendulo ya msilikali.

"Achimwene, makutu ngakhale bulu ali nawo. Taonani matewe awa. Mayi ankandiuza kuti bambo anga anamanga nawo mlathowu, ndipo miyendo yangayi ndinatengera iwo. Ndikwinye thalauza muone?"

Anakwinyadi, anthu n'kuona, ena n'kugwedeza mitu.

Ndinene poyera kuti mtima wanga unali kwa Telala. Wometa anali ndi zithunzi za bambo ake zodzaza chikwama. Telala anabadwa bambo ake atamwalira kale, ndipo pa zaka makumi asanu ndi limodzi za moyo wake anali asanaonepo ngakhale chipewa chawo.

Nkhondo inakula. Telala analumbira kuti lumo la mdani silidzamukhudza, ndevu zake n'kumera mpaka kumakodwa m'makina. Wometa analumbira kuti sadzapondanso pakhonde la Telala, ndipo thalauza lake litang'ambika kumbuyo ankameta anthu atatsamira khoma. Tawuni inagawikana: a mbali iyi ankayenda ndi tsitsi ngati tchire, a mbali inayo malaya opanda mabatani. Mphunzitsi wopuma ntchito, amene anali wapampando wa komiti, anayeza makutu a pachithunzi ndi rula katatu, koma chilungamo chinakana kutuluka.

Sabata lachisanu ndi chinayi, mlongo wake wa Wometa, wogulitsa tomato, analowa mometeramo n'kutseka chitseko.

"Achimwene, tiyeni tinene zoona. Bambo athu anagwirapo fosholo liti? Munthu ankati dzuwa likamupeza pampando, ankadikira mthunzi kuti ubwerenso."

Mkango wa Lumo anaika lumo pansi.

"Ndikudziwa, achemwali. Ndinadziwa tsiku lachiwiri lomwe. Koma ndayenda miyezi iwiri kumbuyo kuli pamtunda. Ndibwerere chimanjamanja?"

Choncho Wometa ndi Telala anapangana pangano la mtendere limene silinamvekepo pansi pa thambo. Munthu wa fosholo adzakhala bambo a Wometa kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu, ndipo adzakhala bambo a Telala kuyambira Lachinayi mpaka Loweruka. Lamulungu adzapumula, pakuti kulera ana awiri okalamba si ntchito yamasewera.

Mwambo unali waukulu. Mphunzitsi anawerenga panganolo ataimirira pa kireti, riboni anadula ndi lumo la Wometa, ndipo botolo limodzi la chakumwa chozizira linazungulira akuluakulu khumi ndi mmodzi. Ngwazi ziwirizo zinakumbatirana. Telala anametedwa pomwepo anthu akuwomba m'manja, kenako anasoka thalauza la mnzake mwini wake ali momwemo.

Kuchokera tsiku limenelo Wometa sanapitekonso kukaona chithunzicho. Telala amapita m'mawa uliwonse asanatsegule makina, n'kupukuta galasi la chithunzicho ndi kansalu. Ndi munthu wosunga pangano. Pa masiku ake amati, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Pa masiku a Wometa amavula chipewa n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo a mnzanga?" Koma mawu awiri omalizawo amawanena motsitsa kwambiri, moti mpaka lero palibe amene anawamvapo.