Tsiku limene ndinakasumira mkazi wanga kuti andiope

Anzanga, munthu ukafika zaka makumi anayi ndi mphambu umadziona ngati wanzeru, koma ine uchitsiru unandipeza imvi zitayamba kale. Ndine mkamwini kwa Kanduku, ndakhala kumeneko ndi amake Tamanda zaka makumi awiri, ana anayi. Kuseri kwa nyumba ndinadzala manachesi ndi manja angawa. Tsiku lina ndikuchokera ku Thambani ndinapeza alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, atathyola dengu lathunthu osandipempha. Nditadandaula, amake Tamanda anangoti, "Aaa, inunso, manachesi omwewa?"

Zinandiwawa, ndisaname. Ndinakafotokozera mnzanga Fulaye pa bawo, ndipo iye, munthu woti mabanja awiri anamukanika, ndi amene ndinamusankha kukhala mlangizi. Akuti, "Katenge samani kukhoti. Mkazi akangoona chidindo chaboma amanjenjemera, akugwadira tsiku lomwelo." Cholinga changa sichinali kuthetsa banja ayi, ndinkangofuna kaulemu pang'ono.

Pa Boma kalaliki wa khoti anandifunsa ngati ukwati wathu unali wa chinkhoswe kapena wa kutchalitchi, ndinati zonse. Chifukwa chothetsera banja? Nkhanza? Ayi. Chigololo? Mulungu aletse. Anakuthawani? Ali kunyumba akusenda mtedza. Mnyamata uja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba kuti wodandaula akuti banja lafika posakonzeka, nkundiuza kuti tsiku la mlandu tibwere ndi ankhoswe a mbali zonse.

Samani itafika ndinakhala pakhonde kudikira maliro. Mayi uja anawerenga mpaka pansi, anaipinda bwinobwino, nkufunsa kuti, "Ndiwo ndiphike nyemba kapena chisoso?" Basi. Mmawa wa tsiku la mlandu anandisitira malaya oyera, kenako nkudzakhala pakaliyala ya njinga yanga. Nditati kodi izi ndiye ziti, anati, "Ndiyende pansi mwamuna ndili naye? Banjatu silinathe, a bambo a Tamanda." Munaonapo munthu akupalasa chitunda, thukuta kamukamu, atanyamula munthu amene akukamusudzula?

M'khoti tinalumbira, ine wodandaula uku, iwo oyankha mlandu uko. Woweruza anali mayi wofatsa wa magalasi. Anayamba ndi ankhoswe: kodi munakhalapo pansi kuti muwayanjanitse anthuwa? Nkhoswe wanga, amalume anga enieni, anaimirira nati, "Ine bwana nkhaniyi ndaimva dzana." Nkhoswe wa mkazi wanga, nanga ndikanaiwala bwanji, anali alamu omwe aja a dengu. Iwo anati sakudziwa cholakwa chilichonse, mlamu wawo ndi munthu wabwino.

Woweruza atandifunsa chimene chavuta kwenikweni, ndinatchula manachesi. Kumbuyo wina anatsokomola chifuwa chabodza.

Tsono anatembenukira kwa amake Tamanda. Mumtima ndinati eya, nthawi yogwada ija yakwana. Iwo anakonza chitenje, nati, "Ngati atopa, bwana, sindingawakakamize. Apite bwino."

Mayo ine! Woweruza anayamba kufotokoza mofatsa zimene zimatsatira banja likatha: kugawana katundu, kumene ana azikhala, chithandizo cha ana mwezi ndi mwezi. Anafunsa kuti nyumba ili pamalo a yani. A kuchikazi. Munda? A kuchikazi. Mitengo ija ndikanaizula nkuyika pamutu? Anafunsa amalume ngati kwathu kuli malo ondilandirira. Nkhalamba ija, m'malo moti indiphimbe, inati, "Minda anagawana alongo ake kalekale. Pogona pokha sipangavute, mphala ya anyamata ilipo."

Pamenepo khoti lonse linaseka, koma ine chimene chinandiopsa si mphalayo. Ndinayang'ana mkazi uja, ndipo ndinaona kuti akhoza kukhala bwinobwino popanda ine, pamene ine sindidziwa ngakhale pamene amasunga singano. Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu, nkunena chapansipansi kuti ndikufuna kuchotsa mlandu.

"Kwezani mawu, bambo, kalaliki alembe."

Ndinakweza. Akuti chifukwa? Ndinati mkazi wanga ndimamukonda. Zaka makumi awiri mawu amenewo sindinawatchulepo ngakhale kuchipinda, ndinakawatulutsira pamaso pa alamu, amalume, ndi anthu odikira mlandu wa mbuzi. Woweruza anatibweza kwa ankhoswe, natichenjeza kuti khoti si malo oopsezerana.

Pobwerera, tikukankha njinga pachitunda, ndinafuna kudzitonthoza. Ndinati, "Komatu inu mumangondiyesa eti? Mumadziwa kuti sindingapite." Titafika anandiuza kuti ndisuzumire kuseri kwa chitseko. Ndinapeza thumba lomanga bwino pakamwa, m'kati zovala zanga zonse zochapa, bulangete, lumo, ndi kabuku kanga ka kuchipatala, kuti ndisakavutike kumene ndikupitako.

Nditayamba kumasula, anati, "Tulutsani zovalazo, koma thumbalo musataye. Mwina mudzalifunanso."

Mpaka lero lili pa msomali kuseri kwa chitseko komweko. Ine ndikapsa mtima ndimangoliyang'ana, nkutenga khasu kupita kumunda. Ndipo ndikafika pa Boma, kukhoti kuja ndimadutsa tsidya lina la msewu.