Tsiku Limene Nduna Inayankha Kuti Inde

Wokayika akhale pafupi ndi chitseko, kuti manyazi akamugwira atuluke bwino. Inu a Phiri, ndakuonani mukumwetulira, ikani kapu pansi mungatsamwe. Ine Mbewe wa ku Smethwick sindinanamepo chibadwire.

Mukuidziwa pulogalamu ija ya pa TV ya sabata ndi sabata, imene andale amakhala kutsogolo, anthu wamba n'kumawafunsa, iwo n'kumayankha zina? Inayamba ine ndisanamere ndevu, ndipo chiyambire panalibe nduna imene inayankhapo kuti inde kapena ayi. Ndinathetsa zimenezo ndine.

Nthawi imeneyo mayi akunyumbawa anali atangoyamba unesi kuno ku Birmingham, ine ndikunyamula mabokosi ku Coventry, koma mwana wathu Tiyamike anali atatsala ku Dedza kwa azakhali ake, mapepala ake atakanirira muofesi. Mayi ake ankalira m'basi popita kushifiti. Nditamva kuti pulogalamuyo ikubwera mutauni muno, ndinavala suti yanga ya ukwati n'kukalowa.

Mkulu woyendetsa zokambirana atandiloza, ndinaimirira. Koma munthu woleredwa sayamba nkhani asanalonjere. Ndinapereka moni kwa nduna, ndinaifunsa za kunyumba, za ana, za apongozi, ndinatembenukira kwa wotsutsa boma chimodzimodzi, kenako ojambula, kenako anthu onse muholo mmodzimmodzi, mpaka nthawi ya pulogalamu inatha, owerenga nkhani anadikira, wolengeza zanyengo anangoti chilili osapatsidwa mpata, ndipo mvula, posauzidwa kuti igwe liti, inangolendewera pamwamba pa Aston osagwa, azimayi n'kumayanika zovala panja m'mwezi wa Novembala! Mukumva?

Ndiye ndinafunsa. "Bwana, mayi anu akadwala amawasambitsa ndi mkazi wanga. Mwana wake abwere kuno, inde kapena ayi?"

Nduna inayamba kuzemba monga mwa masiku onse. Ine kungoiyang'ana ndi diso ili, lomwe lija ndinakhazika nalo njati pansi ku Kasungu. Ikathawira ku nkhani ya misonkho, diso lili pomwepo, ikathawira ku boma lakale, diso lili pomwepo, mpaka thukuta linayamba, linadzaza nsapato zake, linatsika masitepe, linatulukira pakhomo, linakathira m'ngalande zija za mumzinda, ndipo maboti amene anatitimira m'matope chitsekereni mafakitale anayandama okha n'kukafika ku Wolverhampton opanda woyendetsa. Ndikunama? Kafunseni abakha.

Pomaliza inanena kuti, "Inde."

Abale anga, liwu limenelo ma TV a dziko lino anali asanalimvepo pakamwa pa wandale. Anathima onse kuyambira ku Cape Hill mpaka ku Coventry, ena anafuka utsi, yanu ija a Phiri munkati inagwa pashelefu, inagwa ndi mantha. Pabwalo la ku Aston osewera anasiya mpira n'kuyamba kuwomba m'manja osadziwa chifukwa chake.

Nanga Tiyamike? Pofika kunyumba ndinamupeza atakhala pampando akudya tchipisi, fumbi la ku Dedza likadali kumapazi, chifukwa ndege inamva inde uja ili m'mitambo, inatembenuka yokha kukamutenga. Si uyo akugawa tiyiyo, nesi ngati mayi ake. Mayi akewo amati anathandiza ndi loya wa kutchalitchi ndi mapemphero, patapita miyezi. Asiyeni, nawonso anayesetsa.

Mukuti simunandione? Mukanandiona bwanji ma TV atathima? Pobwereza mawa lake anthu ansanje a ku TV aja anadula moni wanga, funso langa, thukuta lonse lija. Koma kaseti ndinasunga. Kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mayi wina wachipewa chachikulu, kukuoneka khutu. Ana anga obadwira kunowa amaseka, amati m'Chingerezi chawocho khutu lingakhale la aliyense. Sendezani mipando, bwerani pafupi. Khutu limenelo ndi ili. Ligwireni.