Nkhanga za Apongozi

Lolemba
Lero ndine munthu! Apongozi, amene chikwatiwireni ine amakasoketsa kwa a Nabanda tsidya la msewu, andipatsa ntchito. Loweruka mlamu wanga akukwatiwa ku Kabwazi, ndipo amayi onse a kuchikazi avale zofanana, zosoka ine. Nsalu asankha okha, ija yakuda ya mawanga oyera imene kuno ku Linthipe timaitcha nkhanga. Ndikuimbira a Juma a sitolo ku Dedza boma. Alibe, koma mng'ono wawo ku Lilongwe ali ndi mnzake wa lole yochokera ku Tanzania. "Mawa ifika, mayi, Mulungu akalola."

Lachiwiri
Sanalole. Makina ndathira oyilo, sizasi ndanoletsa. Ndikuyeza amayi atavala majuzi awiriawiri chifukwa cha chisanu, aliyense akuti ndichotsereko ndekha. A Nabanda ali pakhonde pawo, akungondiyang'ana uku akutafuna kachewere.

Lachitatu
Katundu wafika! Ndikumasula: nsalu zofiira, zachikasu, m'munsi mwake muli mawu a Chiswahili. Banga ngakhale limodzi palibe. A Juma akuti iwo anati nkhanga, mng'ono wawo anati nkhanga, koma wa lole anamva kanga, lomwe ndi dzina la nsalu zimenezi kwawoko. Ndikukuwa pafoni: nkhanga, bambo, ya mawangamawanga, ngati imathamanga m'tchire ija! "Tsopano ndamva bwino, mayi."

Lachinayi
Anamvadi. Minibasi yaima pakhomo, kondakitala akutsitsa madengu. Nkhanga. Zamoyo! Akuti a Juma anatuma mlamu wawo wa ku Mphunzi kuti zifike msanga, osadikiranso za ku Tanzania. Changu chokha ndawayamikira. Pofika masana:
imodzi yameza batani
ina yadzithandiza pa tepi yoyezera
zotsalazo zikulira, makasitomala akubwerera panjira.
Bambo a kunyumba akuti, "Nkhanga zinapangana kusanapse." Lero adziphikira okha.

Lachisanu
Apongozi abwera kudzaona ntchito. Mbalame ndatsekera m'bafa, kanga ndayala patebulo. Ndikunama kuti nkhanga inatha kale fasho, m'tauni akuvala izi. Akufunsa kuti mawuwo akuti chiyani. Ine Chiswahili ndinachiphunzira kuti? Ndikuti ndi madalitso. Akondwa, asankha yofiira, akuti madalitsowo akhale kumsana kuti aliyense aone. Ndikusoka mpaka msana kuuma.

Loweruka
Amayi atchena, palibe wodandaula. Pa perekaniperekani apongozi akutsogolera, akuvina ngati mtsikana. Amalume a mkwati, amene anayendetsapo malole ku Tanzania, akuseka mpaka kutsamwa. Wa chimkuzamawu akuti popeza amalume amachidziwa chilankhulochi, atimasulire madalitsowo tonse tipindule. Amalume akukana. Anthu akuwakakamiza. Ayimirira, awerenga pamsana pa apongozi: "Apongozi anga ndi wailesi, sazima."
Nthungululu, mluzu, ena akufupa amalume! Apongozi asiya kuvina. Sakuyang'ana amalume, akuyang'ana ine. Ndasowa kolowera.

Lamulungu
A Juma afika okha pa njinga yamoto, akumwetulira. Nsalu ya nkhanga yeniyeni! Kukongola kwake mpaka ndalengeza misozi. Nthawi yomweyo apongozi atulukira, akuchokera kutchalitchi. Aigwira, aisisita, akuti ndi yomwe ankafuna ija. Ndikugwada, ndikupepesa, ndikuti ndiwasokera lero lomwe. "Musavutike, mayi, mwatopa kale." Aipinda bwinobwino, aika m'khwapa, awoloka msewu. A Nabanda akuwalandira ndi manja awiri.
Zandiwawa, sindinama. Koma ndizitani? Ndikawapatse madeya makasitomala anga ali m'bafa aja.